Mayina Awiri a Alamu Anga

Ntchito yanga yoyamba ndidaipeza chifukwa cha pepala lomwe lidakanirira m'makina a fotokope. Kwathu ndi ku Biriwiri, ndipo nditamaliza Fomu 4 ndinkathandiza amayi kugulitsa kachewere ndi kabichi pa Lizulu masiku a msika. Ndidaphunzirako kompyuta miyezi itatu pa tchalitchi chathu, koma maphunzirowo adangokhala m'mutu, poti pakhomo pathu padalibe ngakhale magetsi. Tsiku lina ndidapita pa boma pa Ntcheu kukachititsa fotokope setifiketi yanga kuti ndikafunsire ntchito m'sitolo ina ya mbewu. Ndidalowa m'kashopu kena kufupi ndi depoti ya minibasi, n'kupeza anthu ali chilili kudikira, mwini shopu, bambo wamtali wovala kofiya, atagwada kuseri kwa makina akulimbana ndi pepala long'ambika.

"Musakoke chakutsogolo, bambo, ling'ambikanso," ndidatero. "Tsegulani kachitseko ka m'mbalika, muyambe mwatulutsa tona, kabokosi ka inki kaja."

Adandiyang'ana, n'kusuntha. Ndidatulutsa pepalalo, makina n'kuyamba kulira bwinobwino. Anthu aja atachoka, bamboyo adandifunsa dzina. Ndidati ndine Eda. Adandikhazika pa kompyuta, n'kundipatsa kalata yolemba pamanja kuti nditaipe. Ataiwerenga adati, "Walakwitsa pamodzi pokha. Ubwere Lolemba m'ma seveni."

Bamboyo adali a Twaibu. Banja lawo lidali la malonda, abale awo adali ndi magolosale pa Lizulu ndi malo ena a m'mbali mwa msewu waukulu, koma iwo adasankha mapepala. M'shopumo mudali kompyuta ziwiri, pulinta, sikana, makina a fotokope, makina omatira mapepala m'pulasitiki, kamera ndi chinsalu choyera chojambulira zithunzi za pasipoti. Kuseri kudali jenereta yaing'ono yomwe inkafuna kuinyengerera isanalire. Tinkapanga makadi a ukwati ndi mapulogalamu a maliro, koma chomwe chidatchukitsa shopuyo n'chakuti a Twaibu ankathandiza anthu kukonza mapepala opitira kunja.

Iwo sadali ajenti, ndipo ankanena zimenezi kwa aliyense wolowa. Sankalonjeza munthu ntchito kapena viza. Ntchito yathu idali kudzaza mafomu a pa intaneti, kujambula zithunzi, kuchita sikani zikalata, kulemba makalata ndi kuuza munthu ofesi yoyenera kupitako. Sabata yoyamba adandifotokozera chifukwa chake ankaumirira njira ya boma. Ali mnyamata adapita ku Joni kudzera ku Mozambiki, m'thiraki yonyamula katundu, opanda chilolezo chogwirira ntchito. Adagwira ntchito zaka zinayi akuthawa galimoto iliyonse ya polisi, mpaka tsiku lomwe adagwidwa akugula buledi. Adakhala miyezi ingapo m'chitokosi cha anthu opanda mapepala, kenako adawabweza kuno ndi zovala za m'thupi zokha.

"Makomo olowera kunja alipo, Eda," adatero. "Lina ndi la ntchito, pamene wolemba ntchito wakuitana ndipo boma la kumeneko lavomereza. Lina ndi la sukulu. Lina ndi lotsatira mwamuna kapena mkazi wako amene ali kale kumeneko mwalamulo. Onsewa ndi opanikiza ndipo amachedwa kutseguka. Ine ndidalowera pawindo."

Adandiphunzitsa ntchito pang'onopang'ono. Munthu akabwera ndi envelopu yake, tinkayala zonse patebulo: pasipoti, chiphaso cha unzika, masetifiketi a sukulu, kalata ya kupolisi yosonyeza kuti alibe mlandu, yomwe amaipeza atadinditsa zala, mapepala a kuchipatala ndi kontirakiti ngati ilipo. Kenako tinkatenga rula, n'kuiika pansi pa dzina, n'kuwerenga chilembo chimodzichimodzi pachikalata chilichonse. Tikamaliza dzina tinkachita chimodzimodzi ndi tsiku lobadwa. Tinkaonanso tsiku lomwe pasipoti idzathe mphamvu, chifukwa pasipoti yotsala pang'ono kutha amaikana. Pochita sikani, chikalata chinkayenera kuoneka chonse, ngodya zonse zinayi, chidindo chiwerengeke. Zithunzi zinkafunika nkhope yoyang'ana kutsogolo, kumbuyo koyera, osakongoletsa chilichonse. Ine amene ndinkadziwa kufufuta ziphuphu pa zithunzi za akwati ndidauzidwa kuti luso limenelo lizithera pa makadi a ukwati.

Chovuta kwambiri chidali kuwerenga makontirakiti. A Twaibu ankafuna kuona dzina la wolemba ntchito, malo ogwirira ntchito, maola, kogona, amene adzalipire tikiti yobwerera, komanso ngati ajenti wotumiza anthuyo ali ndi chilolezo cha boma. Akakayikira ankaimba foni ku ofesi ya zantchito kukafunsa. Mwezi wanga wachiwiri kudabwera mtsikana wina wa ku Kandeu ndi mayi ake, nkhope zili mwee, atapeza ntchito ya m'nyumba kudziko lina kudzera pa gulu la pa foni. A Twaibu adawerenga viza yomwe adamutumizira, n'kundiitana kuti ndiwerengenso. Idali ya mlendo wokacheza, ya mwezi umodzi. Adafotokozera mayiyo kuti mwezi ukadzatha mwana wawo adzakhala wopanda chilolezo, m'nyumba ya munthu wosamudziwa, ndipo sadzatha kudandaula kwa aliyense. Mayiyo adatuluka atapsa mtima, akunena kuti tili ndi nsanje. Ndidaphunzira tsiku limenelo kuti pantchito imeneyi munthu amene wamuthandiza kwambiri ndi amene sakuthokoza.

Ndidagwira chaka ndi miyezi, ndikuyenda paminibasi m'mawa uliwonse kuchokera ku Biriwiri. Tsiku lomwe lidandiyesa kwenikweni lidafika m'nyengo ya mvula, ndipo lidabwera ndi anthu a kwathu.

Achemwali anga a Rute adakwatiwa ndi a Binwelo, mwamuna wa ku Kandeu amene adadzakhala pamudzi pathu. A Binwelo adali mlimi weniweni. Dimba lawo la tomato ndi anyezi lidali lotchuka, ndipo adadzipangira okha mapaipi othirira kuchokera kukasupe wa m'phiri. Koma zaka ziwiri zotsatizana mbewu zidawapsera ndi matenda, ndipo ana atatu adali pasukulu. Atamva kuti ajenti wina wa chilolezo ku Lilongwe akufuna anthu odziwa ulimi wa masamba kuti akagwire ntchito m'minda ya m'mashedi a pulasitiki kutsidya kwa nyanja, adalembetsa. A Twaibu adaimba okha foni kufufuza za ajentiyo, ndipo zidapezeka kuti ndi woona. A Binwelo adapita ku Lilongwe kukafunsidwa mafunso, ndipo atawafunsa za matenda a tomato adayankha mpaka ofunsawo kuyamba kulemba zomwe ankanena. Lachitatu lina adalandira uthenga woti apambana, ndipo atumize zikalata zonse pa intaneti pasanafike 4 koloko madzulo a Lachisanu.

Lachinayi madzulo a Twaibu adanyamuka kupita kumaliro a mchimwene wawo ku Balaka. Adandisiyira makiyi ndi mawu awiri: ndisatseke shopu masana, ndipo ndisatumize chikalata chomwe sindidachiwerenge ndi rula.

Lachisanu m'mawa a Binwelo ndi achemwali adafika ndisanamalize kusesa. Adavala ngati akupita kutchalitchi. Ndidayala mapepala patebulo, n'kutenga rula. Pasipoti idati Binwelo Mlongoti. Chiphaso cha unzika, kalata ya kupolisi ndi mapepala a kuchipatala zidatero zonse. Nditafika pa setifiketi ya Fomu 4, rula idaima. Padalembedwa kuti Binwelo Kadzuwa.

"Alamu, setifiketi iyi ndi ya ndani?" ndidafunsa.

"Ndi yanga."

"Nanga Kadzuwa ndi ndani?"

Adayang'ana pansi. Kenako adafotokoza kuti atalephera kusankhidwa kupita ku sekondale ulendo woyamba, amalume awo amene ankawalera ku Kandeu adakawalembetsanso Sitandade 8 m'dzina lawo la Kadzuwa. Ana ambiri obwereza ankachita zimenezo nthawi imeneyo. Adasankhidwa, n'kuphunzira mpaka Fomu 4 ndi dzina limenelo, koma atakula adatenga chiphaso ndi pasipoti m'dzina la bambo awo owabereka. Pofunsidwa mafunso ku Lilongwe palibe adapempha setifiketi. Tsopano fomu ya pa intaneti inkaifuna.

"N'chifukwa chake tabwera kwa inu, alamu," adatero, akutsitsa mawu. "Inu mumachotsa munthu pachithunzi cha ukwati osaoneka kuti analipo. Apa ndi dzina limodzi lokha. Mufufute Kadzuwa, mulembepo Mlongoti. Sikuti tikuba setifiketi ya munthu. Mayeso ndinalemba ndine."

Zomwe ankanenazo zidali zoona, ndipo n'zomwe zidandivuta. Mayeso adalembadi iwo. Ndipo ntchitoyo ndikadaitha kapu ya tiyi isanazizire: zilembo zofanana nazo ndidali nazo pa kompyuta, ndipo pa sikani palibe akadazindikira. A Twaibu kudalibe. Ndidayesa kuwaimbira, foni yawo idali yothima.

"Sindingachite zimenezo, alamu," ndidatero.

Achemwali adayandikira patebulo. "Eda, ukudziwa momwe tikukhalira pakhomo paja. Chimanga chitha mwezi uno usanathe. Bambo awa akapanda kupita, ana aja ndiwauza chiyani? Kuti mayi awo aang'ono anakana kulemba dzina limodzi?"

"Achemwali, akakafika ku Lilongwe akafuna setifiketi yeniyeni, yapepala. Akaiona ikusiyana ndi yomwe tatumiza."

"Ndiye tikaona konko. Chibale n'fupa, iwe. Kapena ntchitoyi yakukulitsa?"

Mawu amenewo adandilasa. Achemwali ndi amene ankandibereka kumsana popita kudimba, ndipo sadandilankhulepo motero. Ndidangobwereza kuti sindingathe. A Binwelo adasonkhanitsa mapepala awo osandiyang'ana, n'kuwabwezera m'envelopu.

Pakhonde pa shopu yathu pankakonda kuyendayenda madobadoba, anthu omwe amadikirira amene wakanidwa penapake kuti amuuze kuti iwo akudziwa njira. Mmodzi wa iwo, wa jekete yachikopa, adali atamva zonse pawindo. A Binwelo atangotuluka adawagwira pamkono, ndipo ndidamva akuti, "Zazing'ono izo, bigi. Tiyeni kuseri kwa msika, pali mnyamata amazitha." Ndidawaona atatuwo akuwoloka msewu.

Ndidakhala pampando. Ndidali nditakana, ndipo lamulo la a Twaibu ndidali nditalisunga, koma alamu anga ankapitabe kukachita chomwe ndidakanacho, kwa munthu amene sakadasamala n'komwe zomwe zidzawachitikire. Nthawi idali itangodutsa 8 koloko. Ndidatsegula uthenga wa ajenti womwe a Binwelo adanditumizira dzulo lake, n'kupeza nambala ya ofesi pansi pake. Ndidaimba.

Adayankha mayi wina wa mawu otopa. Sindidatchule dzina la munthu. Ndidangofunsa kuti zimatani ngati wopempha ntchito ali ndi dzina lina pa setifiketi ndi lina pa pasipoti.

"Timakumana nazo kawirikawiri," adatero. "Akalumbire kwa majisitireti kuti mayina awiriwo ndi a munthu mmodzi. Apezenso kalata ya kusukulu komwe dzinalo linasinthira, yokhala ndi chidindo. Mutumize zitatuzo pamodzi, setifiketi ili momwe ilili. Koma chonde, asayerekeze kukonza okha. Masetifiketi onse timakawatsimikizira komwe anachokera."

"Nanga nthawi mungawonjezereko?"

"Ayi. Ikakwana 4 koloko fomu imadzitseka yokha."

Lachisanu maofesi a boma amaweruka masana, ndipo sukulu ya alamu idali ku Kandeu, msewu wake wamatope. Ndidataipa mofulumira afidaviti, chikalata chokalumbirira kwa majisitireti chija, kutengera ina yomwe a Twaibu adasunga pa kompyuta. Ndidalemba zoona zokhazokha: dzina lobadwa nalo, dzina la amalume, sukulu, ndi momwe dzinalo lidasinthira pobwereza kalasi. Ndidapulinta makope atatu. Kenako ndidachita chomwe ndidaletsedwa. Ndidatseka shopu, n'kumata kapepala pachitseko, n'kuthamangira kuseri kwa msika.

Ndidawapeza m'kanjira ka pakati pa mashopu a matayala, pakhomo pa kachipinda ka malata. Dobadoba uja adali atalowa m'kati kukaitana mnzakeyo. Envelopu idali idakali m'manja mwa a Binwelo. Ndidawauza zonse zomwe mayi uja adanena, ndikupuma mwabefu.

"Ndiye ndikaime pamaso pa majisitireti, ndikanene kuti ndinabwereza Sitandade 8 ndi dzina lobwereka?" adafunsa. "Nanga akandimanga?"

"Munali mwana, alamu. Anakulembetsani ndi akuluakulu. Koma mukasintha setifiketi lero, mwasintha ndinu, muli ndi ndevu zanu."

"Nthawi sikwana."

"Mwina sikwana. Koma ikapanda kukwana mudzalembetsanso ulendo wina, mapepala ali oyera. Akakugwirani ndi yokonza, dzina lanu lidzalowa m'kompyuta mwawo ndipo simudzapitanso."

A Binwelo adayang'ana chitseko cha malata chija, n'kuyang'ana akazi awo. Achemwali sadandiyang'ane ine. Adavula nsapato zawo za kutchalitchi, n'kuziika m'chikwama, n'kuvala masilipasi omwe adali nawo momwemo.

"Ahedi a pasukulu paja ndikuwadziwa, akazi awo timaimba nawo kwaya ya chigawo," adatero. "Inu pitani kukhoti. Ku Kandeu ndipita ndine."

Dobadoba adatuluka tikuchoka. Adatikuwira kuti tidzamufuna, ndipo a Binwelo sadacheuke.

Tidakweza achemwali pa njinga yamoto pa depoti, nditawalembera pakapepala zomwe kalata ya ahedi iyenera kunena, ndi kuti asachoke popanda chidindo ndi siginecha. Ine ndi alamu tidapita kukhoti. Kalaliki adatiuza kuti a majisitireti ali ndi mlandu, tidikire. Tidakhala pabenchi panja. Kumwamba kudayamba kuda chakumapiri, kenako mvula idagwa yamphamvu, yolira pamalata mpaka osamvana. A Binwelo ankangoyang'ana msewu. Ndidadziwa kuti akuganiza za akazi awo ali panjinga m'matope, ndipo ine ndinkaganiza kuti akagwa kumeneko mlandu udzakhala wanga.

Patatsala pang'ono kuti aweruke, kalaliki adatiitana. A majisitireti adali mayi wachikulire wa magalasi. Adawerenga afidaviti yonse, n'kuyerekeza ndi pasipoti ndi setifiketi.

"Ndinu Mlongoti kapena Kadzuwa?" adafunsa.

"Ndine onse awiri, bwana," adayankha a Binwelo.

"Amalume anuwo ali moyo?"

"Anatisiya."

"Anakuphunzitsani, ndiye chachikulu. Kwezani dzanja."

A Binwelo adalumbira, n'kusaina makope onse atatu. Chidindo chitagunda papepala, adapuma ngati munthu wotula mtolo wa nkhuni. Tili panja adandiuza kuti nkhani ya dzinali adaibisa zaka zonsezi, ngakhale ana awo sankaidziwa, ndipo sadaganizepo kuti ingathe m'mphindi zochepa chotero.

Tidabwerera kushopu, n'kupeza magetsi atazima chifukwa cha mvula. A Binwelo adalimbana ndi jenereta, adatsuka pulagi, n'kukoka chingwe mpaka jeneretayo idalira. Ndidachita sikani zonse zomwe zidalipo, n'kudzaza fomu tsamba ndi tsamba: dzina monga lilili pa pasipoti, nambala ya pasipoti, wachibale wodziwitsidwa pakagwa vuto. Padali funso lakuti kodi munagwiritsapo ntchito dzina lina. Ndidasankha kuti inde, n'kulemba Kadzuwa. Pofika 2 koloko zonse zidali zokonzeka kupatula kalata ya kusukulu. Foni ya achemwali sinkapezeka.

Idakwana 3 koloko. A Binwelo adaima pakhonde, mvula ikuwawaza, osasuntha. Makasitomala awiri adabwera kudzachititsa fotokope, ndipo mmodzi ndidamuchitira tsamba lomwelo kawiri. Ndidayamba kulemba imelo yopepesa kwa ajenti, yopempha kuti atiganizire ulendo wina.

Itadutsa hafu pasiti 3, njinga yamoto idaima pakhomo. Achemwali adatsika ali matope kuyambira kumapazi mpaka m'chiuno, silipasi imodzi palibe. Adagwa kawiri panjira, ndipo pamtsinje wina adawoloka wapansi, woyendetsa njinga akuikankha. Achemwaliwo adakawapeza ahedi kunyumba kwawo, ndipo zidatengera mphunzitsi wina wakale, amene ankawakumbukira a Binwelo, kuti apeze kaundula wa chaka chimenecho m'kabati ya m'sitolo ya sukulu. Achemwali adapisa dzanja m'bulauzi, n'kutulutsa jumbo ya shuga yokulungakulunga. M'kati mwake mudali kalata youma bwinobwino, ya chidindo chofiirira.

Ndidaika rula pansi pa mayina, ngakhale manja ankafuna kuthamanga. Mayina onse awiri adalembedwa molondola. Ndidachita sikani, n'kuphatikiza setifiketi, afidaviti ndi kalatayo kukhala fayilo imodzi. Nditayesa kutumiza, fomu idakana, ikuti fayilo yakula. Ndidaichepetsa, n'kuona ngati zidindo zikuwerengekabe, n'kuyesanso. Intaneti ya tsiku la mvula imayenda ngati ng'ombe yokoka ngolo pamtunda. Tonse atatu tidayang'ana kamzere kobiriwira kakukwawa pa sikirini. Kadafika kumapeto patatsala mphindi zisanu ndi zitatu. Padatuluka uthenga woti zalandiridwa, ndi nambala. Ndidaupulinta kawiri.

Achemwali adakhala pansi pasimenti, n'kuyamba kuseka, misozi ikutsika. Kenako adandiyang'ana.

"Uli ndi sopo kuno?" adafunsa.

Ndidawapatsa sopo ndi chitenje changa chosinthira. Za mawu a m'mawa aja sitidakambiranenso, tsiku limenelo kapena lina lililonse.

A Twaibu adabwera Lolemba. Asanakhale pansi adali atamva kale kwa wogulitsa mandasi wa pakhonde kuti shopu idatsekedwa Lachisanu m'mawa. Ndidawafotokozera zonse, osasiyako. Adapempha kope ya afidaviti, n'kuiwerenga mpaka pansi.

"Unatseka maola angati?"

"Atatu ndi theka."

"Ndinati usatseke."

"Munatero, bwana."

Adapinda pepalalo n'kulitambasulanso. "Mzere wachitatu wasiya mpata waukulu pakati pa mawu," adatero. Ndidatulutsa makiyi kuti ndiwabwezere, koma adawakankhira kwa ine. "Sunga. Kuyambira lero mafayilo a anthu opita kunja uziyamba kuwaona ndiwe."

Patapita milungu ingapo a Binwelo adaitanidwa ku Lilongwe ndi zikalata zawo zenizeni. Atabwerako adatifotokozera kuti wofufuza mapepala adatenga setifiketi iliyonse n'kuiyerekeza ndi yomwe idatumizidwa pa intaneti. Atafika pa yawo adati, "Mayina awiri," n'kuwerenga afidaviti ndi kalata ya ahedi, n'kuziika pamulu wa zovomerezeka osafunsanso china. Pamzere womwewo padali mnyamata wina wa kwathu konkuno amene setifiketi yake idakonzedwa kuseri kwa msika kuja. Adamulowetsa m'chipinda china, ndipo adatuluka akulira, atauzidwa kuti asadzalembetsenso. A Binwelo adati adakwera naye minibasi imodzi pobwerera.

Viza idatuluka chimanga chitayamba kuuma m'minda. Idali ya ntchito, yolembedwa dzina la munda womwe ankapitako ndi zaka zomwe adzakhale. Ndidaichita fotokope katatu, pamodzi ndi kontirakiti ndi pasipoti: imodzi ya achemwali, imodzi ya m'fayilo mwathu, ina yoti iwo aisunge padera ndi pasipoti. Tidawaperekeza ku bwalo la ndege pa minibasi yodzaza ndi abale, amayi atanyamula nkhuku yootcha yomwe sadaloledwe kulowa nayo. Tidaidya tokha pobwerera.

Kumeneko adayamba ndi kuthyola tomato, ndipo chaka chisanathe adawaika kuyang'anira mapaipi othirira m'mashedi angapo. Nthawi ina kapitawo wina adafuna kuwasungira pasipoti. A Binwelo adatulutsa kontirakiti, n'kumuonetsa ndime yomwe imati pasipoti imakhala ndi mwini wake, ndipo nkhani idathera pomwepo. Mwana wawo woyamba atasankhidwa kupita ku sekondale, iwo adapempha tchuthi, n'kubwera kudzamuperekeza okha kusukulu atanyamula sutikesi yake pamutu. Adakhala milungu itatu, akuyenda pa Lizulu masana dzuwa likuswa mtengo, akupereka moni kwa apolisi a pa rodibuloko, kenako adakwera ndege kubwerera kuntchito yawo.

Ine ndidagwira kwa a Twaibu zaka zinayi. Lero ndili ndi kashopu kangakanga pa Lizulu, kompyuta imodzi, pulinta ndi sikana, ndipo a Twaibu ndi amene adandithandiza kusankha makinawo. Sipatha mwezi osabwera munthu wondipempha kuti ndikonze tsiku lobadwa, ndichotse chilembo, kapena ndiwonjezere giredi pa setifiketi. Ena ndi achibale, ena ndi anzanga a kusukulu, ndipo ambiri sakhala akuba ayi, amangokhala anthu opanikizika amene nthawi yawathera. Ndimakana ndithu. Koma Lachisanu lija lidandiphunzitsa kuti kukana kokha kumangomutumiza munthu kwa wina amene avomere. Choncho ndikati sindingathe, sindimulola atuluke msanga. Ndimamukokera mpando, n'kumufunsa kuti andiuze momwe zidakhalira kuti mapepala ake asiyane. Nthawi zambiri pamakhala ofesi yoti apiteko, chikalata choti alumbire kapena munthu woti amuchitire umboni. Zikatero ndimatenga foni, n'kuyamba kuimba iye ali pompo.